Madisiki Asanu a Bambo Evaristo

Patatha sabata chiikireni maliro a Bambo Evaristo, achibale anasonkhana ku Kafue Estates kudzagawana katundu wa malemu. Mwambo wake ndi woti wamagazi aliyense atengeko kanthu. Wogawa anali ba Chindikani, mng'ono wa malemu.

Jekete inapita, wailesi inapita. Kenako m'katoni ya nsapato munatuluka madisiki asanu, aja akale a ngodya zinayi okwana m'thumba la shati.

"Tili asanu, nayo ni asanu," anatero ba Chindikani akuseka. "Aliyense yake, tisayambane."

Thokozile, mwana wa malemu, anali chiimire pakhomo la khitchini. Iye yekha ndi amene ankadziwa za m'madisikimo. Bambo ake, pamene ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu, analemba pulogalamu ya kompyuta yojambulira maluwa a zitenje. Inakula kwambiri, choncho anaidula zigawo zisanu. Kusowa chigawo chimodzi, zinazo zinali zinyalala chabe. Koma pamaso pa akuluakulu, Thokozile anangoonerera madisikiwo akugawidwa.

Sabata yotsatira anayenda nyumba ndi nyumba, akubwereka. Ba Gideon, wokonza makompyuta pafupi ndi msika, anali ndi kamakina kowerengera madisiki otere, ndipo anayi anakopedwa bwinobwino. Inatsala yachitatu, imene azakhali ake, ba Emelda, anapita nayo ku Chanyanya. Thokozile anawaimbira, nawafotokozera za maluwa aja, napempha kuibwereka.

"Iwe mwana, cha maliro sichituluka m'nyumba chikalowa," anayankha azakhaliwo pafoni. "Ufuna mlongo wanga aziti namutaya?"

Thokozile anaganiza masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwereka kamakina kaja ndi laputopu, nakwera minibasi, kwinako n'kumalizira panjinga.

Anapeza azakhali akutembenuza nsomba pathandala.

"Nakamba kale, siichoka pano."

"Siichoka, ba anti. Makina ndiye yabwera."

Ba Emelda anasamba m'manja, nalowa m'nyumba, natuluka ndi disiki yokulungidwa m'mpango wakutchalitchi. Kamakina kanaimeza, kanalira ngati chitete, kenako kanaima. Kachiwirinso kanaima pamalo omwewo. Thokozile anakumbukira kuti disikiyo inali yaikulu kwa iye ndi zaka zingapo, ndipo panalibenso ina padziko lonse. Kachitatu kanalira mpaka kumapeto.

Azakhali analandira disiki yawo, naitembenuza uku ndi uku.

"Wachotsamo chani? Ioneka chimodzimodzi."

"Natenga vonse, koma vonse vasala."

"Ah, iwe! Nsomba zikanakhala so, sembe ndine bwana." Anaikulunganso m'mpango mosamala. "Manje maluwa yamene ukamba yali kuti?"

"Ba Gideon azayasha pulogalamu ija mawa. Nizatumiza ku banja yonse."

"Uyambire ine," anatero ba Emelda, akubwerera kuthandala.