Chikwangwani cha Gilson

Nsanje, abale, imapusitsa munthu wanzeru zake. Gilson anakulira m'phiri la Zomba. Tinjira tonse ta ku Mulunguzi ankatidziwa ngati khonde la kwawo, ndipo kwa zaka makumi awiri alendo ofuna kuyenda m'nkhalango ankawatsogolera ndi iye. Kenaka kunatulukira Dunstan wa ku Masongola, munthu wopuma wefuwefu pa kachitunda kalikonse. Koma Dunstanyo anaphunzira Chijapani kwa mphunzitsi wina wochokera konko, mpaka kumachitaipa pa kompyuta. Ankalemba zilembo zathu zomwezi, kompyuta n'kuzisandutsa timizeremizere tawo tija. Anakasindikiza chikwangwani kwa a Yacoob m'tauni n'kuchipachika pamtengo pafupi ndi damu.

Basi, Mjapani aliyense wokwera phiri ankaima pachikwangwanicho, kuwerenga, n'kupita ndi Dunstan. Gilson ankangotsala poteropo, mtima ukumuwawa.

"Kodi phiri amakwera ndi pakamwa?" Gilson anafunsa akazi ake, a Rute.

"Bambo a Peace, pitani mukamupemphe akuphunzitseni."

"Ine? Kuphunzitsidwa ndi ameneuja? Bola ndizigulitsa makala!"

Tsiku lina Dunstan atatsikira m'tauni, Gilson anajambula chikwangwanicho pafoni. Anagula penti, n'kutha masiku atatu akukopera pathabwa, kamzere ndi kamzere, lilime lili panja, osasiya ndi kadontho komwe. Thabwalo anakaliimika kumunsi, pokhota msewu, kuti alendo aziyamba kuona lake.

Zinathekadi! Loweruka galimoto inaima, Ajapani anayi n'kutuluka. Anawerenga thabwa lija, anawerama, mmodzi n'kunena m'Chingerezi kuti, "Ndinu a Dunstan!"

Ha! Apo m'pamene Gilson anazindikira kuti pakati pa timizere tija anakoperanso dzina la mnzakeyo. Akanatha kukana. Koma alendo anali ataima kale pamaso pake, oyamba mwezi wonsewo.

"Ndine," anatero.

Ndiye anawayendetsa, inu! Pofuna kuti adziwe mwini phiri weniweni, anawatengera ku mathithi ena obisika m'nkhalango, amene malemu bambo ake anamuonetsa, amene iye anali asanaonetsepo munthu. Alendo kujambula, kuwomba m'manja, "A Dunstan! A Dunstan!" Iye kumangovomera, koma m'kati akupsa.

Patapita sabata, Dunstan anamupeza pathabwa lake lija, foni ili m'manja, mano onse ali pamtunda.

"Achimwene, zikomo kwambiri. Alendo anu aja alemba pa intaneti m'chilankhulo chawo, ndawerenga ndekha. Akuti Zomba yonse palibe wodziwa phiri ngati Dunstan. Ena khumi ndi awiri andilembera kale, akufuna mathithi omwewo."



Dunstan anakanda m'mutu. "Tsono mathithiwo ali cha pati? Mukandiperekeze Lachisanu. Inu muzikangonyamula zikwama, zolankhula ndikalankhula ine."