Botolo la M'khwapa

Kapu ya tiyi inamupulumuka mzime ali pakati pa alendo, koma sanawerame kuti aitole. Anangoima, dzanja lili pamimba. Mkulu wake anaona, namukokera kuchipinda kwa malemu mayi awo.

"Wagunda liti komaliza?"

"Ndani?"

"Usandipusitse iwe. Mwana."

Mzime anayang'ana jasi loyera la mayi awo lomwe linali chikolekere kuseri kwa chitseko. "Chiikireni maliro sindinamumve."

M'galimoto imene inachita ngozi ija, mayi awo ankayendetsa, mzime ali pambali. Iye anatuluka ndi kabala ka pachigongono basi, ndipo poti maso a aliyense anali pa bokosi, anthu anangoti Mulungu ngwamkulu. Palibe anakumbuka kuti m'galimotomo munali anthu atatu.

Azakhali analowa osagogoda, monga mwa khalidwe lawo.

"Amalume anu akufuna tikambe za nyumbayi asanabwerere. Mukunong'onezana chiyani?"

Atamva, anagwedeza mutu. "Mwanayo akulira agogo ake, musiyeni. Anthu ati chiyani, ana a malemu onse awiri kuchoka alendo ali tho?"

"Nyumba sithawa, azakhali. Tikupita kuchipatala."

"Ine kumeneko ayi," anatero mzime.

Kumeneko kunali kuchipinda cha angozi, komwe mayi awo anagwirako udokotala mpaka imvi. Ntchito yawo inali younika m'mimba mwa ovulala ndi makina a sikani, kuti aone ngati magazi akutayikira m'kati.

"Achemwali, inu simunaone. Ine ndinaima pakhomo. Anawagoneka pabedi lomwe ankagonekapo anthu, n'kuwaika kachida kawo komwe ka sikani pamimba. Pagalasi la makinawo panada bii. Dokotala anangoti ndi magazi, thamangani nawo ku opaleshoni. Anabwerako?"

"Makina aja sanawaphe amayi. Ananena zoona."

"Zoonazo n'zimene sindikuzifuna."

Mkulu wake mantha anali nawo nayenso, adzaoneni. Anagwada, namuveka nsapato ngati mwana wa sukulu, n'kumutulutsira khomo lakuseri, azakhali akung'ung'udza kumbuyo.

Kuchipatala anapeza dokotala yemwe uja, wophunzitsidwa ndi mayi awo. Atamva nkhani, anakoka katani, nagoneka mzime, n'kukokera makina pafupi. Anathira mafuta oterera aja pamimba, nayamba kuyendetsapo kachida. Anayamba ndi m'nthiti, uku ndi uku.

"Magazi mulibe," anatero.

"Nanga mwana?"

Kachida kanatsika, kanabwerera, kanatsikanso. Mzime anatseka maso, zala zake zitalowa m'mkono wa mkulu wake. Kunja kwa katani wina ankabuula, ndipo matayala a machira ankalira kwichikwichi.

Dokotala anatembenuza galasi. Pakati pa utsi wotuwa, kadontho kanali kuphethira mofulumira.

"Mtima ndi uwo. Mugona konkuno kuti tikuyang'anireni, ndipo musadzachedwenso chonchi. Koma alipo."

Mzime analira kulira komwe sanalire kumanda. Atatonthola, anagwira pamimba, nayang'ana zala zake.

"Adokotala, mafutawa bwanji ngofunda?"

Dokotala anakweza mkono mwamanyazi. Botolo linali m'khwapa, m'kati mwa jasi.

"Ndi mayi anu. Ankatikalipira kuti munthu wabwera ndi mantha, iwe n'kumulandira ndi chozizira?"

"Nanga tsiku lija?"

Dokotala anayang'ana pansi. "Tsiku lija ndinangotola la patebulo. Nditathira, anatsegula maso. Anati, 'Azizira, mwanawe. Kwa ine palibe kanthu, koma wobwera pambuyo panga um'tenthetsere.'"

Kunja namwino anaitana, machira ena anali atalowa. Dokotala anapukuta kachida, anapanikiza botolo m'khwapa, nakankha makina kupita kwa wotsatira.