Makhadi a Sikelo a ba Regina

Ine sindine wolankhulalankhula. Ndamaliza Fomu 3 aphunzitsi ena asanamvepo mawu anga. Koma zimene ndinachita ku manda a Chingwere, tsiku loika ba Regina, ndikhoza kuchitanso mawa.

Ba Regina ankakhala moyandikana nafe ku Chilenje. Sanabereke. Kale ankalera ana a azungu ku Kabulonga, ndipo azunguwo atapita, anayamba kulera ife. Amayi athu akapita kumsika, kapena kukaima pamzere wa ufa tsiku lonse, ankatisiya pakhonde pawo. Matewera ba Regina ankasoka ndi masaka a ufa. Kusikelo ankapita nafe okha, wina kumsana, wina m'manja, ndiye makhadi athu ankakhala kwa iwo, m'chitini cha mabisiketi.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Chaka chatha ndinakumana nawo ku Kabwata ndili ndi anzanga a kusekondale. Chitenje chawo chinali chonyowa ndi mkodzo wa mwana. Anandiitana, "Emmy wanga!" Ine ndinayang'ana kumbali. Madzulo anandipatsa chinangwa chootcha, osatchulako kanthu.

Atamwalira kunabwera mlongo wawo, ba Amock, kuchokera ku Katete. Ndinawamva akuuza ba Mathias, mkulu wa mpingo amene amaitana anthu kuika nkhata pamanda: "Mukatha abale, muitane a Chipani. Za ana mudumphe. Analibe uyu, tisadzichititse manyazi."

M'mawa wa tsiku loika maliro, asanakhome nyumba ya ba Regina, ndinalowa n'kubisa chitini chija m'chitenje. Inde, ndinaba.

Kumanda, abale ataika nkhata zawo, ba Mathias anati, "Tsopano a Chipani." Ndinangopezeka ndaima kumutu kwa manda.

"Mwadumpha ana," ndinatero.

"Mwana wa ndani uyu?" anakalipa ba Amock. "Choka apo iwe, si pasukulu pano!"

Ndinatsegula chitini n'kutenga khadi lapamwamba. "Chomba Mpundu."

Kenaka Chomba, kondakitala wa minibasi amene Chilenje yonse imamudziwa ndi pakamwa pake, anatuluka kumbuyo kapusi ili m'manja. "Nilipo, ba Regina."

"Febby Chisanga." Anabwera atabereka mwana wake.

"Petros Kampamba." Palibe anasuntha. Mayi wina wogulitsa tinsomba ta kapenta anati, "Anafa na chikuku uyo. Anafela kumsana kwa ba Regina, pa njila ya ku chipatala." Anabwera n'kuima m'malo mwa mwana wakeyo.

Ba Amock anandigwira mkono mpaka kuwawa. "Pamakhadipo palembedwa amayi ena. Ndi ana a eni amenewa!"

"Ba mudala, musiyeni," anatero Chomba. "Imwe munachapapo tewela ya ndani?"

Anthu anaseka, pamaliro pomwepo, ndipo dzanja lija linandisiya. Ndinapitiriza kuwerenga mpaka kumbali kwa manda kunalibe poponda. Ba Mathias anayang'ana kapepala kawo, anakapinda, n'kunena mokweza, "Ana a malemu."

Nkhata tinalibe. Ba Winifred, wapampando wa amayi a Chipani, amene ana awo awiri anali ataima nafe, anamasula nkhata ya Chipaniyo n'kutigawira duwa limodzilimodzi. Aamuna a Chipani anayang'anizana, koma ndani angayankhe ba Winifred?

Khadi langa linali lapansi penipeni, long'ambika pakona pamene ndinkaluma. Ndinawerenga dzina langa ndekha, n'kuyankha ndekha, mokuwa, momwe ndinayenera kuyankhira ku Kabwata: "Ndili pano, ba Regina!"

Ba Amock anatenga mbaula, bedi ndi makina osokera. Tsopano atuma uthenga kuti chitini nachonso ndi katundu wa malemu, ndibweze. Amayi akuti ndisakangane ndi akulu. Ndawauza kuti ba Amock akachifuna abwere, adzaitane maina onsewo mmodzimmodzi, aone ngati alipo adzawayankhe.