Ba Maud Banaliridwa Kawiri

Ba Maud banamwalira nthawi ya mphepo, banabaika ku manda ya ku Chunga. Mvula inabwera, udzu unamera pa manda, Ba Webster bamuna babo banayamba kuzolowera kumwa tiyi beka pa khonde pa nyumba yabo mu Chawama.

Tsiku lina m'mawa kunamveka odi pa geti. Anali mzimai wovala bwino, kontena m'manja.

"Mwauka bwanji, bashikulu? Ndine Chitalu, nachokera ku Mandevu. Nifuna Bambuya Maud ba chikanda. Mwana wanga akwatiwa, nifuna baniphikire cha pa kichini pati."

"Mayo, mwachedwa. Ba Maud banatisiya."

"Bayenda kuti, ku tauni?"

"Banafa."

Mzimai uja anaseka, koma kuseka kunamuthera pa njira. "Imwe bashikulu, osasewera na vinthu va so. Dzulo chabe banali kuphika visashi, ndiwo za nshawa zija, na ine bananiyankha!"

Anachotsa foni mu chola, anadina, anabaikira pa maso. Ba Webster tiyi inatayikira pa buluku, sibanamve na kupsa. Bakazi babo banali m'menemo! Bali khale pa kampando, mbaula pa tsogolo, bapera nshawa, bavala chitenge cha nsomba chamene chija banabafunditsa mu bokosi. Pamene apo banadzutsa mutu na kukuwa, "Ba Webster, chokani pa chitseko, mwanitsekera dzuwa!"

Mdala anasuntha phazi. Zoona anasuntha, pa khonde paja.

Pansi pa vidiyo ija panali tumalemba tung'ono, Ba Chitalu ndiye banabawerengera. Wina analemba kuti Mulungu abasunge Bambuya zaka zambiri. Ndipo Bambuya banayankha kuti, "Zikomo mwana wanga, nikali wolimba."

"Ayankha ndani?" Ba Webster banafunsa. Koma banadziwa kale. Mu nyumba muja munali mdzukulu mmodzi, Tionge, wamene anali kukonda kuzungulira bambuya bake na foni nthawi zonse bakaphika.

Tionge anabwera kuchoka ku msika na matimati, anapeza bashikulu bake bali chiimire, mlendo ali kupukuta misozi. Sanafunse. Anaika pulasitiki pansi, anagwada.

"Bashikulu, nimvereni. Mavidiyo ninajambula yambiri bakalibe kudwala. Nimaika imodzi imodzi. Peji yabo ya pa intaneti yakula, banthu babwera maningi, na ba ku Kopala, na ba kunja. Kampani ya saladi, mafuta yophikira yaja, inilipira kuti botolo yabo ioneke pafupi na poto. Lendi ichoka pamenepo. Mapilisi yanu ya bipi yachoka pamenepo."

"Na kuyankha? Uyankha na pakamwa pa munthu wakufa?"

"Banthu sibafuna ine, bashikulu. Bafuna Bambuya. Nikakamba kuti banafa, bonse bazathawa, na ba saladi bazathawa."

"Iwe mwana! Banthu bagwada, bapempherera mtembo kuti ukhale zaka zambiri, iwe uli zii? Ine nilira neka kuno, kwina baseka nabo? Nanga ine ninaika ndani ku Chunga?"

Tionge analira. Ba Webster banangena mu nyumba, banavala jekete ya ku tchalitchi, banabwera kukhala pa kampando kaja ka bakazi babo.

"Yatsa foni."

"Bashikulu, tizadya chani?"

"Nakamba yatsa."

Sibanakambe vambiri. "Ndine Webster, wamene muja bamanithamangitsa pa chitseko. Bakazi banga Ba Maud banamwalira nthawi ya mphepo. Bamene munali kuona ni vithunzi chabe. Wamene anali kukuyankhani ni mdzukulu, mumukhululukire. Osabapempherera moyo, bapempherereni mpumulo."

Tionge anajambula, anadina, vidiyo inayenda pa peji.

Kucha m'mawa, Ba Webster bakali kusamba kumaso, banamva kulira ku msewu. "Mayo ineee! Bambuya bathu eee!" Banaganiza kuti kwa neba kwagwa maliro. Banasuzumira. Kulira kuja kunali kungena pa geti yabo.

Bazimai, maduku ku mutu, vitenge m'chiuno, bamene sibanabaonepo chibadwire. Bena bachoka ku Matero, bena ku Kanyama, bena ku George, basi yonse ya ku Mtendere. Wina wanyamula thumba ya malasha, wina kabichi, wina nkhuku yamoyo. Banangena mu nyumba bali kulira, monga mwamene bangenera pa nyumba ya maliro, koma banasowa pokhala pansi chifukwa mipando inali ikali mukati.

Mtsikana wina anagwira manja ya mdala. "Bashikulu, ine amai banafa nikali mwana. Kuphika konse bananiphunzitsa ni Bambuya, pa foni. Apongozi banga banaleka kuninyoza chifukwa cha beve." Anagwa pa mapazi pabo.

 Pa maliro yoyamba panabwera ba tchalitchi na maneba ba mu layini, basi. Manje Chawama yonse inaima, na makondakita banali kufunsana kuti wafa ni ndani.

Tionge anabwera kumbuyo kwabo, maso yofiira, foni mu manja. "Ba saladi batuma uthenga. Bati pepani, koma vathera pamenepa."

Mdala anamuyang'ana. Anayang'ana futi bazimai bodzala pa lubanza, bena bayamba kale nyimbo ya maliro.

"Namva," banatero. "Ika foni pansi. Gwira uko."

Banagwira sofa, mdzukulu uku, bashikulu uku, kuitulutsa panja kuti bolira bapeze malo. Pa chitseko sofa inakakamira, Ba Webster banaika mutu pa mtsamiro wake, banalira mokuwa monga mwana.