Chigayo cha Hamilton

Kompyuta ya Hamilton inali nkhalamba. Anaigula ku Limbe pamene ofesi ina inkataya katundu wakale, n'kudzaiika m'kachipinda kake pamsika wa kufupi ndi Mbombwe, momwe ankatayipira anthu makadi a ukwati. Ntchito inkagwira ndithu, koma kulira kwake! Akangoiyatsa, wosoka nsapato wa pakhonde ankafuula kuti, "Chigayo chatsegula, bweretsani chimanga!"

Mu Okutobala wa 2006, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera azakhali ake, mayi Yunis, amene ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo.

"Iwe Hamilton, tamva kuti chinthu chakochi chimasunga mawu," anatero. "Ife takalamba tikuyimba, koma mawu athu sitinawamvepo. Utijambule."

Hamilton anavomera msangamsanga. Anabwereka mayikolofoni kwa abusa, ndipo Loweruka amayi anadzaza kachipindako, ena ana kumbuyo. Anayimba nyimbo yoyamba mpaka Hamilton tsitsi linamuyima. Koma ataibweza kuti amve, m'masipika munatuluka chiphokoso cha kompyuta ija, mawu a amayi akumveka chapansipansi ngati akuyimbira kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Anayesanso. Nyimbo ili pakati, kompyuta inangoti zii, yazima yokha. Ataigwira pamwamba, inali moto.

Palibe anamunyoza, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Amayi anangobereka ana awo bwinobwino n'kumatuluka mmodzimmodzi. Mayi Yunis anatsalira pakhomo.

"Usadandaule, mwanangu. Mwina sizinalembedwe."

Mawu amenewo anamukhala pamtima sabata yonse. Anatsegula bokosi la kompyuta, ndipo zimene anaona zinamuchititsa manyazi: fumbi linali litaundana ngati thonje, kangaude atamangamo nyumba. Kumbuyo kunali kafani kamodzi kakang'ono, kogwedera, kamene kankazungulira molira ngati kakupempha chikhululukiro. Anatulutsa bokosilo panja n'kulipopa ndi pampu ya njinga mpaka iye yemwe anayera mutu. Kenako analisiya chitsegulire, n'kulozetsamo fani yaikulu yapatebulo. Kutentha kunathadi, koma phokoso linachita kuwirikiza.

Choncho anakwera minibasi wa ku Limbe, kwa bambo Abdulkarim, amene ankagulitsa zipangizo zochotsa m'makompyuta akufa. Bamboyo anamvetsera nkhani yonse akusanthula m'katoni.

"Achimwene, kafani kakang'ono kamathamanga kwambiri, n'chifukwa chake kamalira," anatero. "Tengani zazikuluzi ziwiri. Zimayenda mwaulemu, koma mphepo zimakankha yambiri. Ndipo mukalumikiza ku waya wofiira m'malo mwa wachikasu, ziziyenda pang'onopang'ono, simudzazimva n'komwe."

Kubwerera kwawo, Hamilton anapeza kuti mafaniwo sakukwana pamalo akale. Sanagwe mphwayi. Ananyamula bokosi lopanda kanthu kupita nalo kwa wokhoma zidebe, amene anaboola chibowo chachikulu kutsogolo n'kukulitsa cha kumbuyo. Atamanga mafani ndi masikuluwu, chitsulo chonse chinayamba kunjenjemera, kumveka ng'ung'ung'u patebulo. Anamasulanso. Anadula timphira ta chubu chakale cha njinga, n'kutiika pakati pa fani ndi chitsulo. Kunjenjemera kunatha.

Koma patapita kanthawi, bokosi linayambanso kufunda. Hamilton anakhala pansi, manja m'mutu. Walakwitsa pati? Pakhomo panali nthenga ya nkhuku. Anaitola n'kuiyandikitsa kutsogolo: inakokedwa. Anaiyandikitsa kumbuyo: inakokedwanso. Anaseka yekha mokweza. Mafani onse awiri ankalowetsa mphepo, wotulutsa panalibe! Anatembenuza yakumbuyo, namanga mawaya onse pambali kuti asatchinge njira, n'kuphimba chibowo chakutsogolo ndi kachidutswa ka neti yoteteza udzudzu kuti fumbi lizitsalira kunja. Tsopano dzanja lake linkamva mphepo yozizira ikulowa kutsogolo, yofunda ikutulukira kumbuyo.

Anaisiya chiyakire masana onse, malata akuthetheka ndi dzuwa. Sinazime.

Loweruka lotsatira amayi anabweranso, koma ochepa, chifukwa ena anati sangasiye kusosa m'munda chifukwa cha chigayo. Atalowa, mayi Yunis anayang'ana kompyuta, nayang'ana mwana wa mlongo wawo.

"Tayatsatu, tione ngati lero zitheke."

"Ndi yoyaka kale, azakhali."

"Usandinamize ine."

Anawerama n'kuika khutu pabokosi. Patapita kanthawi anadzuka, maso ali tong'o.

"Ikupuma ngati khanda," ananong'ona. Kenako anatembenukira kwa mtsikana amene anali pafupi ndi chitseko. "Gloria, kwera njinga. Ukawauze onse otsala aja asiye makasu. Msanga!"

Dzuwa lisanapendeke, kachipinda kanali kodzaza kuposa poyamba. Anatseka chitseko, thukuta lili kamukamu, ndipo mayi Yunis anakweza dzanja. Anayimba nyimbo yoyamba, yachiwiri, n'kumapitirira. Hamilton dzanja limodzi linali pabokosi nthawi yonse, mtima uli m'mwamba, kudikira kuti lifunde. Linakhala lozizira ngati mtsuko wa madzi. Nyimbo yotsiriza inali yachilomwe, imene makolo awo anabwera nayo kuchokera ku Mozambique, ndipo oidziwa bwino anali atatsala owerengeka. Itatha, Hamilton anadina batani.

Mawu anatuluka oyera ngati madzi a pakasupe. Ankamveka aliyense payekha: kupuma kwa mayi Yunis asanayambe mzere, mawu okhuthala a mayi Lydia pansi pa onse, ngakhale kuwomba m'manja kwa amene ankachedwa pang'ono. Amayi anaima chilili. Wina anagwira pakamwa. Mayi Lydia misozi inangoyenderera, osaipukuta.

"Kodi amenewo ndi ife?" anafunsa.

Nthungululu inaphulika mpaka anthu a pamsika anathamangira pawindo. Wosoka nsapato uja analowetsa mutu, namvetsera, n'kuvula chipewa. Amayi anamukokera Hamilton pakati, wina n'kumumanga chitenje m'chiuno, ndipo anavina nawo mopanda manyazi, ngakhale kuvina sankakutha.

Phokoso litachepa, mayi Yunis anakhala pampando wa Hamilton, akupumira m'mwamba.

"Bwezanso yachilomweyo," anatero. "Pali wina akulakwitsa mawu pa vesi yachiwiri, ndipo lero ndimugwira."

Anaibweza. Onse anatchera khutu. Pofika pa vesi yachiwiri, mawu olakwitsawo anamveka bwinobwino, okwera pamwamba pa onse, ndipo panalibe amene akanawasokoneza ndi a munthu wina: anali a mayi Yunis eni ake. Amayi anayamba kuyang'anana, akudziletsa kuseka.

Mayi Yunis anakonza duku lawo mwaulemu.

"Chabwino," anatero. "Imani m'malo mwanu. Tiyambirenso."