Ufa Wofiira

"Chiphaso sabwerekana, achimwene. Tsiku lina mudzatimangitsa tonse." Yashwant ankatero kawirikawiri, koma m'nyumbamo ankangomuseka, amvekere munthu wamantha ngati nkhuku. Mkulu wake Dinkar, amene mayeso ogulitsira inshuwalansi anamukanika, anapitiriza kulembetsa anthu m'dzina la mng'ono wakeyo, mwini chiphasocho.

Tsopano Yashwant kunalibe. Lole inamugunda pamsewu wa ku Satara, ndipo mtembo wake atauotcha mwa mwambo, phulusa lake linali litapita kale ndi mtsinje. Mkazi wake Sumedha anakhala pansi m'khitchini akuyamwitsa mwana wawo wakhanda Ketaki, khutu lili kukhomo. Chichokereni olira maliro, m'nyumbamo munkangomveka manong'onong'o, ndipo m'mawa umenewo wina anachotsa pakhoma chithunzi cha malemu pamodzi ndi nkhata yake ya maluwa yosonyeza kuti anamwalira.

Dinkar analowa, apongozi ake a Sumedha ali pambuyo atafumbata kachitini.

"Mlamu, foni ya malemu ili kuti?"

"Ndili nayo, alamu."

"Chiphaso chikutha mwezi uno, ndipo maphunziro owonjezera aja anawasiyira panjira. Popanda amenewo sachikonzanso. Ndiwamaliza ine pafonipo, n'kungodinadina basi."

"Koma mwini wake kulibe."

"Ku ofesi ya inshuwalansi akudziwa ndani? Unawauza iwe?"

Sumedha anapukusa mutu. Mwana anasiya bere, iye n'kumubwezera msangamsanga.

"Mawa kubwera bwana wa ku ofesi kudzafunsa chifukwa chake Yashwant sakuoneka," anapitiriza Dinkar. "Udzati ali m'chipatala ku Pune, anathyoka mwendo. Aneba ndathana nawo."

Apongozi aja anatsegula kachitini. Munali kumkum, ufa wofiira umene mkazi wapabanja amapaka pamzere wa tsitsi. Dzanja limene linkamupatsira linali lomwe lija linamupukuta ufawo tsiku lootcha mtembo.

"Ndi mawa lokha, mwanawe. Uvalenso mkanda wakuda waukwati uja. Wamasiye amaonekera patali, bwanayo si wakhungu."

"Amayi, ndipake ufa wa mwamuna amene tinamuotcha?"

"Ukuona ngati ineyo sizikundiwawa? Ndinam'bereka ndine."

Sumedha anayang'ana ufa wofiirawo. Madzulo ambiri ankamufunsa Yashwant mafunso okonzekera maphunzirowo, ndiye malamulo ake ankawadziwa. Pepala la inshuwalansi logulitsidwa m'dzina la wakufa lidzakanidwa tsiku limene mayi wina wamasiye adzalifune. Apolisi akadzafunsa amene ananena kuti Yashwant ali moyo, sadzaloza Dinkar ayi. Adzaloza mkazi amene anaima pakhomo atapaka zofiira. Nanga Ketaki adzayamwa kwa ndani?

"Alamu, bwanji mungolembanso mayesowo, chiphaso chikhale chanuchanu?"

"Mwamumva, Amayi? Tili ndi loya m'nyumba muno!" Dinkar anawerama mpaka mpweya wake wa fodya unamufika kumaso. "Mpunga ukudyawu ndi wa chiphasocho. Kamwana kakoka kadzadya malamulo?"

"Ndamva, alamu." Analandira kachitiniko ndi manja awiri.

"Ndiye foniyo?"

"Yatha moto. Mawa."

Atadya chamadzulo, Sumedha anatsuka mbale pang'onopang'ono mpaka onse atatuluka. Basi ya ogulitsa mkaka imanyamuka kusanache, imadutsa ku Karad kwa mchimwene wake. Akafika kumeneko akaimbira ku ofesi, akanene yekha kuti mwamuna wake anamwalira. Anakulunga matewera ndi foni ija mu nsalu yake yakale ya sari n'kubisa kuseri kwa thumba la ufa. Kachitini anakasiya pawindo, kotseka.

Ali pakhomo potuluka m'khitchinimo anabwerera. Anagwada, natseka pakamwa pa botolo la gasi, kenaka n'kununkhiza paipi yake, monga ankachitira Yashwant tsiku lililonse, ngakhale m'nyumba za eni, ngakhale kwa anthu amene ankamuseka.