Ubweya Wofiira M'laputopu

Laputopu ya mayi wojambula mapulani a nyumba inazima ntchito ili mkati, ndipo iye sanavutike n'kufufuza wolakwa. Mwamuna wake ndiye ankaonererapo mpira, kapu ya tiyi ili pambali.

"Tipitire limodzi kwa wokonza, bambo a mwana, mukadzimvere nokha zimene tiyi wanu wachita."

Bamboyo anamutsatira ali khuma ngati nkhuku yonyowa.

Wokonzayo ankagwirira ntchito m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa, mawaya ali lendelende pakhoma. Zala zake zinali zonenepa koma zofatsa. Anamasula timasikuluwu n'kutiika m'chivindikiro cha botolo, anayeza apa ndi apo, kenako anapukusa mutu.

"Mazabodi yapsa, amayi. Ndi bolodi lalikulu ili, pamene zonse zimalumikizana. Lina ndili nalo, ndiika. Mapulani anu musadandaule nawo, amasungidwa pena."

Mtima wa mayiyo unakhala m'malo, ukali n'kubwereranso.

"Ndi tiyi, eti?"

"Tiyi ayi. Ndi kutentha."

Anapisa kachitsulo kopanira m'kafani n'kusolola mpukutu wa ubweya wofiira, wautali ngati mchira wa khoswe.

"Inkabanika. Alipo amene amaiika pamiyendo akamagwira ntchito?"

Maso onse anatera pa juzi yofiira imene mayiyo anavala, yoluka yekha, imene sankaivula kukazizira. Kunyumba ankajambula ali pasofa, laputopu ili pamiyendo, m'mphepete mwa juziyo mutatseka potulukira mpweya.

"Majuzi ofiira ndi ambiri," anatero mayiyo.

"Ambirimbiri, mayi a mwana," anavomera mwamuna wake akuyang'ana kudenga, akubisa chiseko.

Anadikira pabenchi pamene wokonza ankachotsa bolodi lopsalo, kuika latsopano, ndi kubwezera timawaya tonga ulusi m'malo mwake. Atadina batani, kafani kanazungulira mwakachetechete, ndipo pulani ya nyumba yosatha denga imene mayiyo ankajambula inaonekera. Mayiyo anafuna kukhalabe wokwiya, koma chiseko chinamupulumuka.

"Achimwene, kaubweyako mundikulungire," anapempha bamboyo. "Apongozi anga akaone."

Wokonza anakaponya m'bini msangamsanga.

"Bwana, makompyuta ndimatha kukonza. Ukwati ukapsa, sipeya wake ndilibe."

Mayiyo ndi mwamuna wake anatuluka akukankhana mapewa ngati ana asukulu, mpaka telala anaimitsa makina kuti awaone bwino.